Mphuno Yanga Yabwereza Kalasi

Matenda aja anatenga zinthu ziwiri m'nyumba muno:
Yobe, ndi fungo la zinthu.
Za Yobe anthu anabwera, anagona pakhomo masiku atatu, anaimba.
Za mphuno palibe anandipepesa.

Ndinazindikira tsiku lomwe nyemba zinapserera
ine ndili pomwepo, ndikusokerera batani.
Amake Tikambenji ndiwo anafuula kuseri kwa mpanda:
"Kodi muli moyo m'menemo?"

Ku kiliniki ya Kapata a Sisita Nyendwa anati
mphuno ndi mwana wasukulu, ikaiwala imabwereza kalasi.
Pezani zinthu zinayi. M'mawa ndi madzulo.
Osakoka mpweya ngati ng'ombe pamtsinje ayi,
pang'onopang'ono, ngati mukuba.
Chilichonse muzichitchula dzina, muzichikumbuka.

Ndiye pazenera pali timabotolo tinayi, tomwe munali mafuta odzola:
makoko a mandimu,
masamba a bulugamu omwe ndinathyola munsi mwa Kanjala,
khofi supuni imodzi,
ndi jinja wa kwa amwenye ku Dauni Shopu.

Ndimatsegula. Ndimati: mandimu.
Botolo limangondiyang'ana.
Ndimati: mandimu inu, a pansomba, a m'tiyi wa chimfine.
Zii.
Mphepo chabe, yopanda nkhope.

Mwezi wachitatu zinthu zinayamba kundinamiza.
Khofi ankanunkha matayala opsa,
anyezi ngati ngalande ya pamsika mvula itagwa.
Ndinalira. A Sisita anaseka,
ati mwana akamayamba kulemba amatembenuza zilembo, musiyeni.

Chimene sindinawauze ndi ichi.
Pansi pa sutikesi pali jekete la Yobe,
ndinalimanga m'mapulasitiki awiri tsiku lochokera kumanda.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akukonza njinga
pansi pa mtengo wa mango ku Mchini:
girisi, labala, guluu wa zigamba uja,
thukuta la Okutobala, nshawa zokazinga zoiwalika m'thumba.
Mayina onsewa ndikuwadziwa,
koma dzina silinunkha.
Ndipo nsalu siisunga munthu mpaka kalekale.
Usiku ndimawerengera:
iye akutuluka m'jeketemo pang'onopang'ono,
ine ndikubwera pang'onopang'ono,
kaya tidzakumana pati.

Dzulo ndikuchokera kogula makala
kamnyamata kanagwada m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe, njinga ili chagada,
kakupaka guluu pachubu ndi chala.
Ndinadutsa. Mapazi asanu, asanu ndi limodzi.
Kenako china chake chinandikoka kuseri kwa maso,
chakuthwa, chotsekemera mopusa,
ndinaima njii, makala ali pamutu,
minibasi ikundilizira hutala.
Kamnyamata kaja kanati, "Amama, mwataya kanthu?"
Ndinati, "Tandibwereka guluuyo."
Ndinamununkhiza pamsewu pomwepo, anthu akuona,
ena akugwedeza mitu kuti mayi wamasiye uja zamuzungulira.
Manyazi anandidikira, sindinapite.

Lero m'mawa mandimu ayankha, chapatali,
ngati munthu woitana ali tsidya la Lutembwe.
Bulugamu akadali chete.
Jinja nayenso.
Khofi wasiya matayala, koma sananene kuti iye ndani.

Sutikesi ndaitsitsa, ili apa pamphasa.
Mfundo ya pulasitiki ndaigwira kawiri, kawiri ndaisiya.
Ndikafulumira, ndimutulutsira kwa mphepo
mphuno isanadziwe kumulonjera.
Ndikachedwa, ndipeza jekete chabe,
la buluu, losowa batani lachitatu.

Kunja Tikambenji akuyatsa mbaula,
utsi ukulowa pazenera, ndikuuona ndi maso.
Ndayamba ndatenganso mandimu.